Kaponya Uti?

Pa Santhe, pa kawindo kanga kotumizira ndalama za pafoni,
munthu akawerenga dzina langa pa chikwangwani
amaiwala chimene wabwerera.
"Kaponya? Kaponya uti?
Wa pa nsalu za chipani uja,
kapena mnyamata ali kunja, woponya kampira koyera?"
Ndimati: tchulani nambala, bambo, mzere watalika.

Dzinali linatoledwa m'munda,
kumalire a nkhalango ya nyama,
kumene agogo a bambo anga, Zakeyu wamanzere,
ankalondera chimanga cha mwini esiteti.
Anyani ankamudziwa.
Mwala umodzi, nyani mmodzi pansi, otsalawo m'thengo.
Tsiku la malipiro kalaliki atafunsa dzina,
kapitawo anati, "Ingolembani kaponya ameneyo."
Inki inauma. Zakeyu sanatsutse,
sankadziwa kuwerenga, ndipo ndalama inali kale m'dzanja.

Mfunda tili nawo, timautchula pothokoza ndi pamaliro.
Koma pa chiphaso pali nthabwala ya kapitawo.

Bambo aang'ono, a Lusiyano, ndiwo anaona
kuti dzinali limalira bwino pa zokuzira mawu.
Ponyerani Kaponya! Lole, fumbi, sopo wodula pakati.
Anagwa kawiri. Kachitatu anadutsa ndi mavoti makumi anayi
owerengedwa ndi tochi m'kalasi ya sitandade faifi.
Chipani asintha katatu,
nsalu zakalezo amayi anasoka makatani,
nkhope ya mlamu wawo imatitchingira dzuwa.
Mlatho analonjeza uja
udakali mitengo iwiri ya bulugama.

Feliyasi ndi mlongo wanga, wondipondera pamutu.
Mphunzitsi wina wa ku Japani
anabwera ndi chikwama cha magolovesi onga malichero,
namuona akugwetsa mango ndi dzanja lamanzere,
limodzi limodzi, losankha yekha.
Masewerawo akuti besibolo.
Lero amalipidwa chifukwa choponya.
Kwawoko kukamada kuno dzuwa likuyandikira liwombo,
ndimamuonera pa foni yosweka galasi, bandulo ikutha.
Malamulo ake sindiwamva bwino.
Ndimangodziwa kuti wa chibonga akaphonya katatu
amapita kukakhala pansi,
ndipo wolengeza amapotoza dzina lathu, Ka-po-ni-ya,
ngati akutafuna nzimbe youma.

Pamsonkhano a Lusiyano amati "mwana wathu."
Ya pasipoti anakana kuthandiza,
tinagulitsa mabelo awiri a fodya ndi njinga ya bambo.
Feliyasi foni yawo sayankha.
Ine ndili pakati, ngati chitseko cha nyumba ya mitala.

Bambo anamwalira mwezi wa Okutobala, kukutentha.
Feliyasi sanabwere, ligi inali isanathe.
Ya bokosi anatumiza,
inadzera pa kawindo kanga komweka,
ndinadziwerengera ndekha, ndinadzisainitsa ndekha.
A Lusiyano anayankhula mpaka amayi a chigwirizano anayamba kutsokomola,
anatchulapo mijigo, anatchulapo makuponi,
dzina la mkulu wawo analitchula kawiri.

Kumanda m'busa anati wa banja ayambe kuponya dothi.
Anthu anatembenuka kufuna olemekezeka.
Anali kuseri kwa galimoto, chala m'khutu, pa foni.

Ndinawerama.
Ndinatapa ndi dzanja lija aphunzitsi ankalimenya ndi rula
kuti ndisalembere,
dothi lofiira, lotentha, la timiyala.
Linagunda bokosi pakatikati, phu,
ndipo sipanaombedwe m'manja.
Sindinaphonye.

Lolemba ndinatsegula kawindo.
Mayi wina wa dengu la tomato anayang'ana chikwangwani,
nandiyang'ana, nayang'ananso chikwangwani.
"Kaponya uti?"

Yemweyu, mayi.
Mukutumiza zingati?